Mmene mungakonzere suspension kuti galimoto isiye kugogoda m'maenje komanso izigwira msewu pakona

Galimoto ikayamba kugogoda, kunjanja ikadutsa pahampu kapena kukhula pansi, ambiri amathamangira kugula mashoko awiri, kuika, pakatha masabata angapo phokoso lija labwereranso ndalama zitapita kale. Ena amati ayi vuto ndi kufupika basi, amaika ma spacer akuluakulu, galimoto nkukweradi koma pakona imapendama ngati ngolo yopakira mbali imodzi. Chimene chimavuta apa ndi ndondomeko. Suspension si shoko yokha, pali matayala, mabushi (malabala okhala pomwe zitsulo zalumikizana), ma link, ma ball joint, masipuling'i ndi ma mounting apamwamba, ndiye chimodzi chikatha chimadya chinzake. Yambani ndi zotchipa, bwezerani galimoto mmene inatulukira ku fakitale kaye, zokweza ndi zolimbitsa zibwere pambuyo.

Pano tikukamba za tigalimoto tathu tochokera ku Japan iti, Vitz, Passo, Sienta, Axio, Fit, Note, Demio. Za 2WD zimenezi zinapangidwa mofanana: kutsogolo kuli strut, kutanthauza shoko yolowa mkati mwa sipuling'i, kumbuyo kuli chitsulo chimodzi chopingasa, pa zambiri shoko payokha sipuling'inso payokha, koma pa zina monga Axio NZE141 shoko yakumbuyo imalowanso mkati mwa sipuling'i. A Hilux muli ndi masipuling'i amapepala kumbuyo, ntchito yanu ndi ina, komabe gawo lofufuza likukukhudzani.

## Zida zofunika

- Jeke wamphamvu wapansi uja wamatayala, osati kajeke kobwera ndi galimoto
- Ma stand awiri achitsulo, ndi matabwa otsekera matayala otsala pansi
- Masipanala ndi masoketi, makamaka 10, 12, 14, 17, 19 ndi 21, ndi chitsulo chachitali chomasulira mabawuti ouma
- Ma Allen key
- Spring compressor, chopanikizira sipuling'i, ikhale ya mbali ziwiri, ulusi wake wosatha
- Torque wrench, sipanala yomangira mabawuti pamuyeso wake, ngati mulibe bwerekani
- Chitsulo chotukulira, nyundo, burashi yawaya, WD-40
- Tepi yoyezera, geji ya mpweya, choko kapena maka, tochi, waya kapena chingwe
- Magalasi oteteza maso, dothi lapansi pa galimoto limagwera m'maso ndithu

## Zogula, koma musagule musanamalize sitepe 4

- Mashoko, awiriawiri
- Ma mounting apamwamba pamodzi ndi ma bearing ake
- Malabala otchinga fumbi ndi ma bump stop, malabala oletsa shoko kugunda kumapeto
- Ma link a stabilizer, chitsulo cholumikiza mbali ziwiri choletsa galimoto kupendama, ndi mabushi ake
- Mabushi a control arm, mkono wapansi wolumikiza wilo ku bodi, kapena mkono wonse
- Ball joint, tie rod end ndi rack end (ziwirizi zimalumikiza chiwongolero ku mawilo) ngati zapezeka zotha
- Masipuling'i ngati akale atitimira

## Kufufuza kaye

1. Yambani ndi matayala. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pachipilala pali kapepala kolemba saizi ya tayala ndi mpweya woyenera. Za ku Japan zimalemba mu kPa, ndiye 230 kPa ndi 2.3 bar kapena pafupifupi 33 psi. Yezani m'mawa galimoto isanayende. Mudabwa kuti ena mukuyenda ndi 45 psi chifukwa choti mnyamata wopopa uja amapopa mofanana kaya ndi Vitz kaya ndi minibasi, ndipo tayala louma chonchi limakumvetsani kamwala kalikonse kumsana. Kungotsitsa mpweya kufika pamulingo kumasintha kayendedwe tsiku lomwelo popanda kulipira kanthu.

Onaninso zaka za tayala, pambali pali manambala anayi, 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mapanga akuoneka. Ndipo ngati palembedwa STUDLESS, limenelo ndi la nyengo ya chipale chofewa ku Japan, pa phula lotentha la kuno limatepatepa pakona komanso mabuleki amachedwa kugwira.

Chenjezo: malimu akuluakulu okhala ndi tayala lopyapyala amakongola koma ndi mdani wa msana wanu komanso wa limu lenilenilo. 185/55R15 ndi 175/65R14 n'zofanana msinkhu, koma la 14 lija lili ndi labala yambiri pambali yomeza maenje. Ngati mukufuna kufewa, bwererani ku limu laling'ono lomwe galimotoyo inalembedwera.

2. Yezani msinkhu wa galimoto. Imikani pamalo osalala, mulibe katundu. Yezani kuchokera pakatikati pa wilo kufika pamphepete pa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi, lembani. Kumanzere ndi kumanja kukasiyana kuposa sentimita imodzi ndi theka, sipuling'i ina yatitimira kapena yathyoka, nthawi zambiri imathyokera pansi penipeni pomwe simungaone osasuzumira ndi tochi. Dziwani ichi musanaononge ndalama: shoko simanyamula galimoto, imanyamula ndi sipuling'i. Shoko ntchito yake ndi kuletsa kunjanja. Galimoto yogwa kumbuyo simungaidzutse ndi mashoko atsopano.

3. Yesani mashoko. Kanikizani kona iliyonse ndi thupi lanu lonse kenako siyani. Ikwere kamodzi nkukhazikika. Ikapitiriza kawiri katatu shoko yatha. Koma musadalire zimenezi zokha, shoko yotopa ikhoza kupambana mayeso amenewa nkumalepherabe pamsewu. Yang'anani ngati yanyowa oyilo mpaka kutsetserekera pansi ndipo fumbi lamatirira, onani ngati tayala likudyeka modumphadumpha, mukalisisita ndi dzanja mukumva zitunda ndi zigwa, komanso ngati galimoto ikuwerama kwambiri mukaponda buleki. Makampani opanga mashoko monga KYB ndi Monroe amalangiza kuganizira zosintha pa makilomita pafupifupi 80,000, ndiye galimoto zambiri zimafika kuno zitadutsa kale pamenepo ndi mashoko ake oyambirira, nkubwera kudzakumana ndi misewu yathu.

4. Kwezani galimoto mugwedeze chilichonse. Ikhale pa ma stand. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze, kukhwepa kwa apo ndi ball joint kapena bearing ya wilo. Gwirani kumanzere ndi kumanja, kukhwepa kwa apo ndi tie rod end kapena rack end. Mnzanu azigwedeza inu muzisuzumira ndi tochi, dzanja lili pa joint yomwe mukuikayikira, mumva kugunda kwake m'zala. Lowetsani chitsulo chotukulira pafupi ndi mabushi a control arm mukanikize, labala ikakhala yang'ambika kapena yasiyana ndi chitsulo chake yatha. Ma link a stabilizer agwireni muwagwedeze ndi dzanja. Timalinki timeneti n'totchipa koma ndi tomwe timapanga phokoso la gudugudu pamsewu wafumbi wamabampu, ndipo anthu ambiri agula mashoko chifukwa cha ito.

Chenjezo: musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhala pa jeke pokha. Njerwa ndi mabuloko asimenti si ma stand, zimaphwanyika osapereka chizindikiro. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa galimoto pambali, likhale chitetezo chachiwiri.

## Kusankha zogula

5. Pitani kushopu ndi nambala ya chassis, osati dzina la galimoto lokha. Kunena kuti "ndikufuna mashoko a Vitz" sikukwanira, Vitz KSP90 ndi KSP130 ndi mibadwo yosiyana. Sienta yakale ndi NCP81, Axio NZE141, Fit GE6, zilembo zimenezi zili pakachitsulo kapena kapepala ka mu boneti kapena pachipilala cha chitseko, komanso pa blue book. Jambulani ndi foni. Mashoko akutsogolo ali ndi lamanzere ndi lamanja, onani L ndi R musanachoke pakauntala, ndipo ngati kungatheke tengani yakale mukaimike pambali pa yatsopano muone kutalika ndi malo omangira ma link.

6. Sankhani mtundu wa shoko mogwirizana ndi ntchito ya galimoto. Apa ndi pomwe pali kusintha kwenikweni. Ya oyilo yokhayokha ndi yofewa komanso yotchipa, koma ikamenyedwa nthawi yaitali pamsewu wamabampu oyilo amatentha nkuchita thovu, shoko nkufooka ulendo uli pakati. Ya gasi ya mapaipi awiri, monga KYB Excel-G, ili ndi nitrogen woletsa thovu lija, ndipo kwa ine pa galimoto ya banja yoyenda mtauni sabata yonse nkupita kumudzi kumapeto kwa mwezi imeneyi ndiye yoyenera, siuma kwambiri koma imagwira. Ya paipi imodzi, monga KYB Gas-a-Just kapena Bilstein B6, imagwira bwino kwambiri pakona ndipo sitentha msanga, koma ndi youma, pa kagalimoto kopepuka ngati Passo mudzamva mzere uliwonse wa pamsewu. Monroe ndi Gabriel amapezekanso, makamaka kwa omwe amaitanitsa ku South Africa.

Chenjezo: zafeki zilipo zambiri, bokosi lokongola dzina lomwelo. Yang'anani nambala yodindidwa pachitsulo cha shoko ngati ikufanana ndi ya pabokosi, onani kuwotcherera kwake ngati kuli kosalala, ndipo mtengo ukakhala theka la mtengo wa mashopu ena dzifunseni. Mashoko a kaunjika ochotsedwa ku galimoto zophwasulidwa ndi juga, mwina mupeza yabwino, koma kawirikawiri ndi amsinkhu umodzi ndi omwe mukuchotsawo, angotsukidwa nkupopera penti yakuda.

7. Mabushi ndi masipuling'i. Ngati cholinga ndi kufewa, gulani mabushi a labala. A polyurethane, ofiira kapena achikasu aja, amakhalitsa ndipo chiwongolero chimamvera msanga, koma amalowetsa kunjenjemera mkati ndipo akauma girisi amalira. Malo abwino owaika ndi pa stabilizer pokha, pamenepo amachepetsa kupendama osaumitsa galimoto. Osema kuchokera ku matayala akale aja amakufikitsani kunyumba, koma si okhalitsa nawo. Pa control arm, ngati bushi ndi ball joint zonse zatha, kugula mkono wonse kumapepuka kusiyana ndi kukhomerera bushi ndi nyundo, chifukwa bushi imafuna puresi ndipo ina ili ndi mbali yake yoyang'ana.

Masipuling'i akhale a galimoto yomweyo. Okhawo onyamula katundu tsiku ndi tsiku, monga a Sienta zonyamula anthu, ndi omwe angaganize za olimbirapo kumbuyo, podziwa kuti galimoto ikakhala yopanda kanthu kumbuyoko kuzidumpha.

## Kusintha kutsogolo

Chitani mbali imodzi mumalize, inayo ikhale poonera mukaiwala kuti chakuti chimalowa bwanji. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Madzulo a dzulo lake thirani WD-40 pa mabawuti onse, galimoto zomwe zinayenda madera ozizira a ku Japan komwe amathira mchere pamsewu zimakhala ndi dzimbiri loopsa pansi.

8. Masulani pang'ono manati a wilo galimoto ili pansi, kokani handibuleki, tsekani matayala akumbuyo, kwezani kutsogolo konse mbali zonse ziwiri muike pa ma stand. Mukakweza mbali imodzi yokha stabilizer imakhala yopotokola ndipo link sidzatuluka, mudzangolimbana nayo.

9. Masulani zing'onozing'ono zomangidwa pa strut. Kabulaketi ka paipi ya buleki, waya wa ABS, kenako link ya stabilizer. Nati ya link ikamazungulira limodzi ndi bawuti yake, pakati pa bawutiyo pali kabowo ka Allen key, kotsukeni kaye ndi burashi kuti kiyi ilowe mpaka pansi apo ayi kakulungika. Waya wa ABS musaukoke, ndi wanthete, ukaduka mkati nyali iyaka pa dashibodi ndipo mwadziyambitsira ntchito ina.

10. Masulani mabawuti awiri akuluakulu apansi omwe agwira strut ku knuckle, chitsulo chomwe pamakhala wilo. Lembani kaye ndi maka mmene zakhalira, ndipo onani kuti mitu ya mabawuti yayang'ana kutsogolo kapena kumbuyo. Musanatulutse yomaliza, mangani knuckle ndi waya kapena itchinjirizeni ndi jeke pansi pa mkono.

Chenjezo: apa ndi pomwe ambiri amalira. Knuckle ikagwera kunja imakoka paipi ya buleki ndipo drive shaft, ndodo yozunguliza wilo, imasolokera kunja kwa CV joint yamkati, polumikizira pake cha ku giyabokosi, kuibwezera kwake ndi ntchito ya maola.

11. Masulani pamwamba, mu boneti. Galimoto ngati Axio ili ndi manati atatu ozungulira, masulani amenewo okha, yapakati musaikhudze chifukwa ndi yomwe yagwira sipuling'i. Zina monga Vitz KSP90 ndi Fit zili ndi nati imodzi pamwamba yobisika pansi pa pulasitiki ya mawaipa, mungafunike kuchotsa mawaipa ndi pulasitikiyo, ndipo nati yogwira sipuling'i ndi ina yomwe ili pansi pake. Ngati simukutsimikiza kuti galimoto yanu ndi iti mwa ziwirizi, funsani amakaniko musanazungulize sipanala. Mnzanu agwire strut pansi kuti isagwere pa labala ya CV joint nkuing'amba.

12. Panikizani sipuling'i. Imeneyi ndiye sitepe yoopsa pa ntchito yonseyi, sipuling'i yopanikizidwa yasunga mphamvu yonyamula kona yonse ya galimoto ndipo ikapulumuka imathyola nsagwada kapena zala. Ikani zopanikizira ziwiri moyang'anizana, zigwire makoyilo ambiri momwe zingathere, mangani pang'ono uku pang'ono uku mosinthana kuti sipuling'i isapindike. Strut igone pansi, mutu wake uloze komwe kulibe munthu, ana achoke. Pitirizani mpaka sipuling'i iyambe kugwedera pamalo pake mukaigwira, pamenepo mpamene mumasula nati yapakati, mutagwira ndodo ya shoko ndi Allen key kapena kasipanala pamutu pake.

Chenjezo: kumanga sipuling'i ndi zingwe kapena waya, kapena kuiponda ndi phazi wina nkumamasula nati, musayerekeze ngakhale munaona ena akuchita. Ngati mulibe chopanikizira chabwino, nyamulani ma strut awiri onse mupite nawo kugalaja akakusinthireni, kubwera nkudzamanga nokha. Palibe chamanyazi.

13. Sonkhanitsani yatsopano. Yalani zonse zomwe mwachotsa pansi mwa ndondomeko yake. Shoko ya mapaipi awiri iimikeni chilili muikanikize ndi kuitulutsa katatu kapena kasanu, inagona nthawi yaitali m'bokosi ndipo mpweya umasakanikirana ndi oyilo. Ikani bump stop ndi labala yotchinga fumbi zatsopano, musazisiye, fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale zikafika pa ndodo yonyezimira ija zimadya seal ndipo shoko yatsopano iyamba kudontha isanathe chaka. Nsonga ya sipuling'i ikhale pakakhwawa kake pambale yapansi, muona pomwe yakale inasiya chipsera. Zungulizani bearing ya pamwamba ndi dzanja, ikamamveka mchenga isintheni, ndi yomwe imapanga kuti chiwongolero chizilira kho kho mukamakhota galimoto itaima. Mangani nati yapakati, kenako masulani zopanikizira pang'onopang'ono mosinthana mukuyang'ana kuti sipuling'i yakhala bwino pansi ndi pamwamba.

Chenjezo: ndodo ya shoko musaigwire ndi pulayala kapena vice grip, kachipsera kamodzi kokha kamang'amba seal. Ndipo nati yapamwamba musaimange ndi mfuti yampweya, imazunguliza ndodo mothamanga nkuononga zamkati.

14. Bwezerani pa galimoto. Yambani ndi pamwamba, manati muwalowetse ndi dzanja, kenako mabawuti awiri apansi, link, paipi ya buleki ndi waya wa ABS. Onani kuti paipi sinapotokole. Zungulizani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse muone ngati palibe chokokeka kapena chokhula.

Ngati mukusinthanso control arm, ino ndi nthawi yake, koma mabawuti odutsa m'mabushi muwasiye osalimbitsa. Chifukwa chake chili pa sitepe 17.

## Kusintha kumbuyo

15. Mashoko. Kuno n'kosavuta ngati shoko ili payokha, koma ikakhala mkati mwa sipuling'i monga pa Axio NZE141, pafunika chopanikizira ngati pa sitepe 12. Kwezani, ikani ma stand pa bodi, ikani jeke pansi pa chitsulo chopingasa pafupi ndi sipuling'i mukweze pang'ono kuti shoko ipepukidwe. Pamwamba pa shoko mumafikira mkati mwa buti, chotsani kachivundikiro kapena kapeti ya pambali. Masulani pamwamba, masulani bawuti yapansi, tulutsani. Malabala ndi mawashala apamwamba ali ndi ndondomeko yake, mukawatembenuza mudzamva kugogoda kuseri kwa mpando tsiku lililonse.

16. Masipuling'i. Pa galimoto zomwe sipuling'i ili payokha, mashoko onse awiri akamasulidwa pansi, tsitsani jeke pang'onopang'ono, masipuling'i amasuka okha ndipo nthawi zambiri amatuluka ndi dzanja osafuna chopanikizira. Maso akhale pa mapaipi a buleki ndi waya wa ABS pamene chitsulo chikutsika, zikayamba kukokeka imani mumasule mabulaketi ake. Malabala okhalira sipuling'i pansi ndi pamwamba akaphwatalala asintheni, n'zotchipa. Pomwe muli pansipo unikaninso mabushi awiri akuluakulu omwe agwira chitsulo chopingasacho ku bodi, akatha galimoto imamveka ngati kumbuyo kukuyenda kokha pakona.

## Kumaliza

17. Limbitsani mabawuti a mabushi galimoto itakhala pa kulemera kwake. Sitepe iyi ndi yomwe imadumphidwa kwambiri, ngakhale m'magalaja ena. Bushi ya labala sizungulira pa bawuti, imapotokola. Mukailimbitsa tayala likulendewera m'mwamba, potsitsa galimoto labala imakhala yopotokola kale isanakumane ndi dzenje lililonse, ndiye pakapita miyezi yochepa yang'ambika inu nkumati anandigulitsa zafeki. Tsitsani galimoto pansi, igwedezeni, kenako limbitsani, pa pit ndiye pabwino. Ngati mulibe pit, ikani jeke pansi pa mkono mukweze mpaka muyeso wochokera pakati pa wilo kufika pa bodi ufanane ndi womwe munalemba pa sitepe 2, ma stand akadali pamalo pake, nkulimbitsa pamenepo. Zimenezi zikukhudza mabawuti a control arm ndi bawuti yapansi ya shoko yakumbuyo.

18. Gwiritsani torque wrench. Manati a wilo pa Toyota zing'onozing'ono zambiri ndi 103 Nm, muwamange modumphanitsa. Mabawuti a strut ndi a mikono ali ndi miyezo yake m'buku la galimoto yanu, ipezeni pogwiritsa ntchito nambala ya chassis ija. Kudumphira pa sipanala yolumikiza paipi kumatambasula bawuti, tsiku lina idzaduka yokha.

19. Yesani pamsewu kenako pitani ku alayimenti. Yambani pang'onopang'ono pafupi ndi nyumba, wailesi yozimitsa, mawindo otsegula. Pondani buleki, dutsani pahampu, khotani mbali zonse. Kenako alayimenti, tsiku lomwelo kapena mawa lake, osati mwezi wamawa malipiro akabwera, chifukwa mwamasula strut ndi mikono ndipo tayala latsopano likhoza kudyeka mkati mpaka waya musanazindikire. Auzeni ayeze mawilo onse anayi akuonetseni manambala. Kumbuyo kwa galimoto zimenezi kulibe posinthira, ndiye manambala akumbuyo akakhala olakwika kwambiri ndiye kuti chitsulo chopingasa chinapindika pa dzenje lina. Pangitsaninso balansing'i ngati chiwongolero chimanjenjemera mukafika cha m'ma 80 kapena 100. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, bwerezani manati a wilo ndipo suzumirani mabawuti onse omwe munakhudza.

## Nanga zokweza galimoto?

Funso limeneli silingalephere, mahampu ena a m'matauni mwathu ndi aatali moti Fit yodzaza anthu imadutsa chammbali, osanena za misewu yakumudzi nthawi ya mvula. Choyamba, masipuling'i atsopano okha amabweza msinkhu womwe unatayika, ambiri akasintha amapeza kuti zokweza sizikufunikanso. Chachiwiri ndi tayala lotalikirapo pang'ono, kuchoka pa 175/65R14 kupita pa 175/70R14 kumakweza galimoto pafupifupi mamilimita 9, koma sipidomita iziwerenga mochepera ndi pafupifupi 3 pa 100 iliyonse, kumbukirani zimenezi mukamayandikira apolisi a kamera, ndipo onani kuti tayala silikukhula mukakhota mpaka kumapeto.

Ma spacer abwere pomaliza, ndipo langizo langa ndi loti asapitirire mamilimita 20 mpaka 30, akhale opangidwira galimoto imeneyo, kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Mukapitirira apo ma drive shaft amagwira ntchito atapendekeka, malabala a CV joint amang'ambika msanga, ma ball joint amavutika, ndipo kumbuyo shoko imakhala yotambasuka kale moti tayala likagwera m'dzenje imagunda kumapeto kwake. Galimoto yokwera imapendamanso kwambiri pakona, ndiye m'makona a ku Chiweta kapena potsika ku Chikwawa muziyenda modziwa kuti si galimoto yomwe ija. Spacer ikalowa, alayimenti ndi yokakamiza.

Zotsitsa galimoto, masipuling'i aafupi ndi ma coilover omwe mumaona pa intaneti aja, zinapangidwira misewu yosalala. Kuno mudzasiya bampala pahampu yoyamba ndipo sampu ya oyilo idzakhala pangozi tsiku lililonse.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kusintha shoko imodzi. Yatsopano kumanzere yakale kumanja, galimoto imakokera mbali mukaponda buleki mwamphamvu ndipo yatsopanoyo imatha msanga. Ndalama zikachepa sinthani awiri akutsogolo kapena awiri akumbuyo, kuyambira komwe kwatha kwambiri.

Kuika mashoko atsopano pa ma mounting akale. Mwamasula kale zonse, sipuling'i mwapanikiza kale, ndiye kusiya labala yophwanyika pamwamba pofuna kusunga ndalama pang'ono ndiye kuti mudzabwereza ntchito yonse pamodzi ndi alayimenti yake.

Kulowetsa zidutswa za tayala pakati pa makoyilo. Galimoto imadzukadi, koma makoyilo omwe mwatsekawo asiya kugwira ntchito, otsalawo akunyamula zonse, imauma ndipo sipuling'i imadzathyoka. Chimodzimodzi kudula sipuling'i, kuiwotcha ndi gasi kuti itambasuke, kapena kuika ya galimoto ina yaikulu chifukwa choti yalowa.

Kuganiza kuti youma ndiye yolimba. Shoko youma kwambiri pa galimoto yopepuka imapangitsa tayala kudumpha pamabampu mmalo motsatira msewu, ndipo tayala lomwe lili m'mwamba silikhota komanso siligwira buleki.

Kupaka girisi wamba kapena oyilo wa injini pa mabushi a labala kuti asiye kulira. Labala imafufuma nkuwola. Polowetsa gwiritsani madzi a sopo kapena girisi wa silicone.

Kubwezera oyilo m'mashoko akale poboola ndi kuwotcherera. Amagwira masabata ochepa, ndipo kuboola kapena kuwotcha shoko ya gasi n'koopsa, ikhoza kuphulika. Pachifukwa chomwecho akale omwe mwachotsa musawaponye pamoto wa zinyalala, kagulitseni kwa ogula zitsulo.

Kupakira mopitirira muyeso mutangokonza. Matumba a chimanga m'buti, anthu asanu ndi awiri mkati, galimoto nkukhala pa ma bump stop ulendo wonse. Palibe shoko ya mtundu uliwonse yomwe ingapirire zimenezo, ndipo kumbukirani kuonjezera mpweya kumbuyo mukanyamula katundu, kubwerera pamulingo wa pakapepala kaja mukatsitsa.